Mlongo wa Mnyamata wa Mphepo: Za Nchito ya Mai Lily Banda m'Kanema

Pa mlatho wa pa Chia, pamene madzi a nyanja yathu yaing'ono akomana ndi madzi a nyanja yaikuru, usana ndi wa malonda a nsomba, koma madzulo ndi a kanema. Dzuwa likalowa, ndi magalimoto a pa mseu wa Salima ndi Nkhotakota akachepa, anyamata ndi asungwana athu alowa m'tinyumba ta vidiyo, ena naunjikana pa foni imodzi, kupenya zithunzi zoyenda za maiko akutali. Ndipo m'mawa mwache, posoka maukonde, nkhani yao iri ya ngwazi ya m'kanemayo, mphamvu zache ndi nzeru zache. Dzina la ngwaziyo alidziwa, lingakhale liri lovuta kutchula. Koma mukawafunsa dzina la mkazi uja anaima pambali pache, amene analira kuti ngwaziyo ioneke yachifundo, kapena anatayika kuti iyo ikhale ndi womfunafuna, onse angoti chete. Mwezi uno tifuna kunena za mmodzi wa akazi otere, mwana wa dziko lathu lino, Mai Lily Banda. Ndipo tifuna kuyesa nchito yao ndi muyeso wolungama, wosaonjeza ndi wosachepsa.

Mai Banda anayamba kudziwika ngati woimba nyimbo, pa dzina lakuti Alex, asanaoneke m'kanema. Chaka chao chachikuru chinali 2019, pakuti m'chaka chimodzi chomwecho anaoneka m'masewero awiri openyedwa m'maiko ambiri: kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, ndi sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Deep State. Monse muwiri gawo lao linali lothangata, ndiko kunena kuti nkhani inali ya munthu wina, ndipo iwo anapatsidwa kuigwiriziza.

Kanema woyambayo anena za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 analeka sukulu chifukwa cha kusowa ndalama, naphunzira yekha m'mabuku obwereka, namanga makina a mphepo opanga magetsi ndi zitsulo zotola kudzala. Nkhani yache inalembedwa m'buku m'chaka cha 2009, iye mwini pamodzi ndi Bambo Bryan Mealer. Bambo Chiwetel Ejiofor wa ku England ndiwo anaisandutsa kanema, naijambula ku Kasungu komweko, nasewera okha gawo la Trywell, atate wa mnyamatayo. Gawo la William linapatsidwa kwa Maxwell Simba wa ku Kenya, la amache, Agnes, kwa Mai Aïssa Maïga wa ku France, ndi la mlongo wache wamkuru, Annie, kwa Mai Lily Banda. Kanemayo anaonetsedwa poyamba pa chionetsero cha Sundance ku America m'January 2019, nalandira mphotho kumeneko, ndipo m'March analowa pa Netflix.

Tisananene za Annie, tiyenera kumvana tanthauzo la gawo lothangata, pakuti ambiri aliyesa gawo la munthu wolephera kupeza lalikuru. Ife a kunyanja tiri nacho chitsanzo pafupi. Pakupha usipa ndi chilimila, maso a onse ali pa siginala, amene akhala m'bwato lache ndi nyali, nakopa nsomba, naitana anzache pa nthawi yache. Nsomba zikachuruka, dzina lotamandidwa padooko ndi lache. Koma ukonde utsekedwa ndi anthu okhala mumdima, osaoneka nkhope. Ndipo mmodzi wa iwo akachedwa kukoka, kapena akafulumira, nyali yonse ija yayakira chabe. Momwemonso m'sewero. Wothangata apatsidwa mau owerengeka ndi nthawi yochepa, ndipo m'kanthawi komweko ayenera kutikhulupiritsa kuti munthu amene ali kumsewerayo anali ndi moyo asanalowe pakhomo, ndi kuti adzakhala nao ataturuka. Ngwazi iri ndi maora awiri akudzionetsa. Wothangata ali ndi mphindi zochepa. Chifukwa chache tinena kuti nchito yache ifuna kudziletsa kwakukuru, ndipo woipenya ayenera kukumbuka mau a akuru akuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono tipenye Annie modekha. Pachiyambi cha kanema timuona ali msungwana wophunzira, wotsiriza sukulu ya sekondale, woyembekeza kunka ku yunivesite. Ndipo ali pa chikondi chobisika ndi mphunzitsi wa sayansi, Bambo Kachigunda, amene njinga yache iri ndi dainamo yoyatsa nyali. Dainamo imeneyo ndiyo itsegula maso a William. Ndipo pamene William achotsedwa m'sukulu chifukwa cha ngongole, chinsinsi cha mlongo wache ndicho chida chache. Pakuti aopsa nacho mphunzitsiyo, kuti amlole kulowa m'nyumba ya mabuku. Taonani, owerenga athu: nkhani isanafike pakati, mbiri ya msungwana yasanduka kale mtengo wogulira maphunziro a mlongo wache, mwini wache osafunsidwa.

Pambuyo pache madzi osefukira aononga minda, chilala chitsata, anthu anjala alowa m'nyumba atate ali kutali, nalanda chimanga chotsala, ndipo banja liyamba kudya kamodzi pa tsiku. M'zigawo zimenezi mau a Annie achepa, ndipo pomwepo luso la Mai Banda lioneka. Sasewera njala ndi kubuula kapena kudzigwetsa pansi, monga achita ambiri m'masewero athu a m'masukulu. Aisewera ndi maso a munthu wowerengera. Pamene banja likhala pozinga mbale imodzi, nkhope ya Annie iri ya munthu wodziwa masamu, amene wawerenga kale chimanga, wawerenga masiku otsala kufikira masika, wawerenga pakamwa pa onse, napeza yankho limene safuna kulinena. Ife amene tinaona njala ya 2002 kuno ku Nkhotakota, boma loyandikana ndi Kasungu, tiidziwa nkhope imeneyo. Tinaiona pa asungwana akuru m'mabanja ambiri, amene anagawa nsima nadzipatsa okha mbamu yotsiriza ndi yaing'ono.

Chigawo choposa zonse ndicho cha mkangano wa Annie ndi amache. Msungwanayo ataya kudziletsa kwache, nanena poyera mantha ache, kuti kukhala pamudzipo ndiko kufa. Amache ampsera mtima, namlumbirira kuti angadule ngakhale dzanja lao kuti mwana wao adye. Mau amphamvu m'chigawocho anapatsidwa kwa amache, ndipo Mai Maïga awanena bwino. Koma lumbiro lotere likanamveka ngati kudzitama kwa pa bwalo, pakadapanda wolimva woyenera. Mai Banda alilandira ngati mwana wokhulupirira kuti amache anena zoona, ndi wochita mantha chifukwa chomwecho. Pakuti amache akakhala okonzeka kudziononga chifukwa cha iye, ndiye kuti kukhala kwache pakhomo ndiko kudzawapha. Wopenya mosamala aona kuti pa mphindi yomweyo msungwanayo watsimikiza mtima kuchoka. Kumvera kotere, kumene kutembenuza tanthauzo la mau a mnzako, ndiko mutu wa nchito ya wothangata. Ndipo ochepa mwa osewera athu akudziwa, pakuti ambiri, pamene mnzao ali kulankhula, angodikira nthawi yao.

Annie athawa ndi mphunzitsi uja, kuti pakamwa pamodzi pachepe. Ndipo dainamo ya pa njinga itsalira William. Ndi dainamo imeneyo, ndi njinga ya atate wache, mnyamatayo amanga makina amene akoka madzi m'chitsime nathirira munda. Pano tiyenera kunena mosabisa za ukwati umenewu. Ndiwo ukwati wopanda ankhoswe, wopanda dalitso la makolo kapena la mpingo, wochitika mobisa. Ndipo sitiuyamikira kwa asungwana athu ngati njira yotsata. Okonza kanema anapeputsanso mlandu wa mphunzitsiyo, pakuti munthu wa udindo wotere, wokhala ndi malipiro pakati pa anthu anjala, ali ndi mphamvu imene msungwana alibe, ndipo kanemayo saifunsa mphamvuyo funso liri lonse. Koma amene afulumira kuweruza Annie apenyenso nkhope imene Mai Banda anampatsa. Mulibe m'menemo kukondwa kwa mkwatibwi. Muli munthu wolipira ngongole imene sanaikongole. Wosewera wina akanatipatsa msungwana wopepuka mtima, ndipo tikanamtsutsa ndi kupita kwathu osavutika. Mai Banda anatimana mpumulo umenewo.

Pali chinanso chimene ife tikhoza kuchiweruza koposa openya a ku London kapena New York, ndicho chinenero. Bambo Ejiofor anachita chinthu chaulemu polola kuti gawo lalikuru la kanema likhale m'Chichewa, ndipo anadzivuta kuchiphunzira. Koma Amalawi ambiri anadandaula kuti Chichewa cha osewera akunja chimveka chachilendo, mau ali olungama koma kukwera ndi kutsika kwa liu kuli kwina. Dandaulo limenelo liri loona. M'banja la m'kanemalo atate, amai ndi mwana wamwamuna onse aseweredwa ndi alendo. Ndipo Annie akatsegula pakamwa, khutu lathu lipumula, pakuti timva mwana wa kwathu. Kwa mlendo wowerenga mau omasulira a pansi pa chithunzi kusiyana kumeneku kulibe. Kwa ife, Mai Banda ndi Amalawi anzao a m'kanemayo ndiwo zikhomo zomangirira nkhani ku nthaka yache. Akadapanda iwo, tikanapenya mudzi wa ku Kasungu wolankhula ngati alendo a pa sitima.

Tatamanda wosewera, tsopano titsutse kanema. Annie atangochoka, kamera simtsata. Siitionetsa kumene afika. Ibwerera kwa mnyamata ndi atate wache, ndipo chimwemwe cha kumapeto, madzi akuyenda m'mizere ndi mbeu zikumera, chiri cha iwo. William weniweniyo anapita kukaphunzira ku South Africa, ndi pambuyo pache ku Dartmouth College ku America, kumene anatsiriza m'chaka cha 2014. Ndipo tikondwera naye ndi mtima wonse. Koma m'nkhani monga kanema aifotokoza, m'nyumba imodzi munali ana awiri anzeru, ndipo kukwera kwa mmodzi kunalipidwa ndi kutsika kwa mnzache. Okonza kanema anachiona chimenechi, pakuti ndiwo anaika dainamo m'manja mwa Annie. Koma sanalimbe mtima kukhala nacho nthawi. Tikumbuka nkhani ya Mose wakhanda m'kabokosi pakati pa mabango: mlongo wache ndiye anaima patali kumlonda, ndiye analankhula ndi mwana wamkazi wa Farao, ndiye anakaitana amache, ndipo m'mutu umenewo wa Eksodo dzina lache silitchulidwa konse. Chizolowezi cha kuiwala mlongo nchakale ndithu.

Sewero lachiwiri, Deep State, ndi la ku Britain, lonena za akazitape ndi za chuma chobisika m'nkhondo za maiko. M'chigawo chache chachiwiri, cha 2019, nkhani ichitikira ku Mali, ndipo Mai Banda asewera Aïcha Konaté, mkazi womasulira mau amene ayenda ndi asilikali a ku America. Asilikaliwo agwa m'msampha wa adani, womasulirayo ayesedwa wakufa, ndipo zikadziwika kuti ali moyo, anthu amphamvu ayamba kumsaka chifukwa cha zimene adziwa. Pano mwana wa Malawi aima pakati pa osewera odziwika, monga Bambo Walton Goggins ndi Bambo Joe Dempsie, nasewera mkazi wa dziko losakhala lache. Ndipo chimenechi chionetsa kuti sanasankhidwe ku Kasungu chifukwa cha Chichewa chokha. Koma tikaika magawo awiriwa pamodzi, tiona kufanana kotidetsa nkhawa. Annie ndi Aïcha onse ndi akazi ophunzira. Onse agwira m'manja mwao chinthu chimene nkhani yonse ipenderapo, wina dainamo, wina chinsinsi. Ndipo onse aikidwa m'nkhani zimene eni ache ndi ena. Olemba akunja aphunzira kupatsa mkazi wa ku Africa nzeru ndi ulemu, ndipo chimenechi chiposa za kale, pamene anali wotunga madzi kumbuyo kwa chithunzi. Chimene achedwa kumpatsa ndicho nkhani ya iye mwini.

Mai Banda sali oyamba pa njira imeneyi. Mai Gertrude Kamkwatira anayamba ngati wosewera m'gulu la Wakhumbata la Bambo Du Chisiza Jr.; ndipo mwini gulu atamwalira m'chaka cha 1999, iwo analitsogolera, nayambitsa pambuyo pache gulu lao la Wanna-Do, nalemba masewero ao kufikira imfa yao m'chaka cha 2006. M'chaka cha 2010, pa mphotho za Africa Movie Academy Awards ku Nigeria, Mai Tapiwa Gwaza analandira mphotho ya mkazi wosewera bwino koposa m'gawo lothangata, chifukwa cha kanema wa Bambo Shemu Joyah wotchedwa Seasons of a Life. Anaposa akazi a maiko amene apanga makanema mazanamazana, koma ndi angati kuno ku Chia angatchule dzina lao lero? Mai Joyce Mhango Chavula, ataona kuti kudikira kuitanidwa kulibe phindu, anayamba kupanga makanema ao. Ndipo kanema wao wotchedwa Lilongwe analandira mphotho ya Africa Magic m'chaka cha 2016.

Maina amenewa atiphunzitsa kuti luso siliri losowa pakati pa akazi athu. Chosowa ndicho nchito yotsatizana. M'maiko amene kanema ndi malonda okhazikika, mkazi wothangata akhoza kukalamba m'nchito yache, chaka ndi chaka ali kusewera mlongo, pambuyo pache mai, potsiriza gogo, ndipo anthu azolowera nkhope yache namkonda, angakhale asakumbuke dzina. Kwathu kuno wailesi ya kanema inayamba m'chaka cha 1999 chabe, ndipo makanema akuru abwera motalikirana: Bambo Joyah, amene tiwayesa mmisiri wamkuru wa nchitoyi, anaturutsa The Last Fishing Boat m'chaka cha 2012, ndi The Road to Sunrise m'chaka cha 2017. Pakati pa zaka zotere wosewera adya chiani? Aimba, agulitsa malonda, alowa nchito ya mu ofesi, kapena apita kunja. Moyo wa nchito yache ufanana ndi miyala yoolokera mtsinje yoikidwa motalikirana, ndipo ambiri agwa m'madzi pakati pa mwala ndi unzache. Ndiponso ife openya tiri ndi mlandu wathu. Pakuti kanema wa Mmalawi akaturuka, timkopera pa foni kwa mnzathu osalipira kanthu, ndipo m'mawa mwache tidandaula kuti makanema athu ali ochepa.

Nanga chiweruzo chathu pa Mai Lily Banda nchotani? Tinena kuti m'gawo la Annie anachita nchito yoona ndi yodziletsa, yoposa kukula kwa gawolo. Kuti mphamvu yao iri m'kumvera ndi m'kukhala chete, koposa m'mau ambiri. Ndi kuti m'zigawo za chikondi, zimene olemba anazilemba mopyapyala, iwonso aoneka wamba, pakuti wosewera sakhoza kutunga m'chitsime chosakumbidwa. Magawo awiri amenewa akwanira kutionetsa mmisiri. Ndipo mmisiri wotere ayenera kupatsidwa nkhani yolemera imene iye ndiye mwini wache, m'chinenero chache, yolembedwa ndi anthu odziwa mudzi.

Chifukwa chache tiri ndi mau kwa iwo amene alemba masewero m'masukulu, m'mipingo ndi m'magulu a achinyamata a kunyanja kuno. Nkhani ya Annie simuyenera kukaifuna kutali. Iri m'nyumba iri yonse m'mene ndalama za sukulu zikwanira mwana mmodzi, ndipo makolo asankha wamwamuna. Iri padooko, pamene msungwana wakhoza mayeso ali kuyanika usipa pathandala kuti mlongo wache akhale m'kalasi. Lembani nkhani imeneyo kuchokera kwa iye, muitsate kumene kamera ya alendo inabwerera. Ndipo pogawa magawo, musapatse gawo laling'ono kwa ali yense wotsala. Mulipatse kwa wodziwa kumvera, ndi kumphunzitsa kuti ulemu wache suchepa.

Kwa owerenga onse pempho lathu liri laling'ono. Kanema akatha, maina a onse anagwira nchitoyo akwera pa chithunzi, ndipo chizolowezi chathu ndicho kunyamuka pomwepo. Khalani pansi pang'ono, muwerenge mainawo. Mukapeza la kwathu, mulitchule mokweza kuti ana alimve. Ndipo makolo amene mudzapenya nkhani ya mnyamata wa ku Wimbe pamodzi ndi ana anu, mutatha kutamanda William monga ayenera, muwafunse anawo kuti dainamo ija inachokera kwa yani, ndi kuti mtengo wache unali wotani.